Amakaniko asamangofufuta makhodi a injini za dizilo

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za mchitidwe womwe wafala m'magalaja ambiri, wolumikiza kachipangizo ka OBD (kowerengera zovuta zimene kompyuta ya injini yalemba) ku galimoto ya dizilo, kufufuta makhodi osonyeza zovutazo, kenaka n'kuuza mwini wake kuti vuto latha. Khodi sikuti imatchula chitsulo choyenera kusinthidwa, koma imangonena zimene kompyuta ya injini yaona kuti sizikuyenda bwino.

Nkhaniyi imavuta kwambiri pa galimoto zimene zinasinthidwa, monga zotsekedwa valavu ya EGR imene imabwezera utsi wina mu injini, zochotsedwa sefa ya mwaye yotchedwa DPF, kapena zosinthidwa pulogalamu kuti zikhale zamphamvu. Galimoto yotsekedwa EGR ikhoza kuonetsa khodi ya P0401 chifukwa kompyuta ikuyembekezera utsi umene sukubwereranso mu injini, choncho kugula valavu yatsopano n'kungotaya ndalama.

Khodi ya P0299 imasonyeza kuti mpweya wochokera ku turbo (chipangizo chokankhira mpweya mu injini) ukuchepa mphamvu, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapwetekera. Makaniko amathamangira kunena kuti turbo yafa, pamene nthawi zambiri ndi paipi ya labala yopita ku intercooler (choziziritsira mpweyawo) imene yang'ambika. Pamalo ong'ambikawo pamakhala ponyowa ndi oyilo wakuda, ndipo galimoto ikamakwera chitunda pamamveka mpweya ukufwenkha. Khodi ya P0087 nayo, yosonyeza kuti dizilo akufika mu injini ndi mphamvu yochepa, imafuna kuti munthu ayambe waona sefa ya dizilo asanakhudze pampu.

Ndikupempha amakaniko kuti aziyamba afunsa zimene zinasinthidwa pa galimotoyo, azilemba makhodi asanawafufute, ndiponso aziyendetsa galimotoyo kachipangizo kali kolumikiza kuti aone manambala injini ikugwira ntchito.

Mwini galimoto ya dizilo,
Blantyre