Lipoti la msonkhano wa amakaniko ku Kasungu: waya wa handibuleki pa galimoto zakale zoikidwa madisiki kumbuyo

A Wapampando, akuluakulu a komiti, ndi amakaniko anzanga nonse a kuno ku Mchinji,

Munandituma ku Kasungu kuti ndikaone mmene anzathu akumeneko akuchitira ndi galimoto zakale zimene eni ake akuchotsa madilamu akumbuyo n'kuikapo madisiki. Ndinadzera ku Kamwendo ndi ku Santhe, ndipo ndinapeza atayamba kale, atazungulira Datsun 120Y yomwe anaiimika pa masitandi m'galaja ina.

Za m'mawa sindichedwapo chifukwa ambiri mukuzidziwa. Kalipa, chipangizo chimene chimapanikiza mapadi pa disiki, aikidwe kabawuti kotulutsira mpweya kali m'mwamba, apo ayi mupopa mpaka dzuwa kulowa pedulo ili yofewabe. Anatikumbutsanso kuti masitala ena (mapampu a mafuta a buleki okankhidwa ndi pedulo) a galimoto za madilamu ali ndi kavalavu kosunga mphamvu pang'ono m'mapaipi; kakasiyidwa, mapadi amakhula disiki ulendo wonse.

Chimene chinatidyera tsiku ndi handibuleki, ndipo n'chimene ndikufuna timvetsetsane. Waya wake uli pawiri: wamkati umene umakoka, ndi chikuto chakunja chimene chimayenera kutsamira pa chinthu chosagwedera. Pa dilamu, chikutocho chimakodwa pa mbale yakumbuyo ija imene nsapato za buleki zimakhalapo. Mukachotsa mbaleyo, chilibenso poponda. Bambo wina wachikulire amene ankatsogolera anatiuza tigwade tiyang'ane pansi, mnyamata wake n'kukoka handibuleki. Ndinaona ndi maso anga kabulaketi kachitsulo chopyapyala kamene wina anawotcherera kakupindika ngati tsamba, mkono wa pa kalipa usanasunthe n'komwe. Mphamvu yonse inkathera pamenepo. Anadula kabulaketiko, n'kusula kena ka chitsulo chochindikala, n'kukaika moti waya uzikoka molunjika mkono wa kalipa, osati chammbali.

Makalipa amene anaika pa Datsun ija ndi akumbuyo a VW Golf. Amenewa ali ndi kamkono kamene kamatembenuza chopotera chamkati n'kukankha pisitoni. N'chifukwa chake pisitoni yake siibwezedwa ndi kupanikiza kokha. Imafuna kuipotokola uku mukuikankha. Mutu wa waya wakale sugwirizana ndi kamkonoko, ndipo utali wake nthawi zambiri umaperewera kapena kutsala. Apa ndiulule: chaka chatha ndinawotcherera nati kumapeto kwa waya wa galimoto ya kasitomala wanga. Moto unafewetsa timawaya, ndipo pasanathe mwezi wayayo unaduka galimoto ili pamtsetse. Mwamwayi inatsamira mtengo. Nditafotokoza zimenezi, panalibe amene anaseka, poti ambiri anachitapo. Njira yabwino ndi kufinyira mutu watsopano ndi chida chake, ndipo musanadule waya muziukulunga tepi kuti usamasuke.

Dongosolo la kutchuna ndi limene ambiri timalilakwitsa. Yambani mwamasula waya. Pondani pedulo kangapo kuti mapadi afike pa disiki. Kenako muzimanga nati pamalo pamene waya umodzi umagawikana kupita ku matayala awiri, koma kamkono ka pa kalipa kakhale katatsamirabe pa poimira pake handibuleki ili pansi. Mukakoketsa waya mpaka kamkonoko kunyamuka, chotchunira chamkati chimasiya ntchito, ndipo buleki imayamba kugwira yokha kapena kulephereratu pakapita masabata. Mkulu uja anatiuzanso tikweze galimoto kuti ekiselo ilendewere. Waya umene unkaoneka wokwanira unakungika ngati uta, tayala n'kuuma. Anausuntha, n'kuuikanso kutali ndi ekizozi.

Si galimoto zonse zili ndi vutoli. Land Rover zakale zija handibuleki yake ndi kadilamu ka kuseri kwa giyabokosi, choncho matayala akumbuyo sakhudzana nayo. Peugeot 504 ya saluni inatuluka mu 1968 ili kale ndi madisiki kumbuyo, pomwe pikiyapu yake ndi ya madilamu. VW Beetle ili ndi mawaya awiri ochokera pa chogwirira penipeni, ndiye aliyense amatchunidwa payekha.

Panabuka mtsutso pamene achinyamata ena ananena kuti bwanji tingoika handibuleki ya mafuta, tisavutike ndi mawaya. Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe. Paipi ikaboowoka, pedulo ndi handibuleki zimafera limodzi. Ngakhale popanda kuboowoka, mphamvu ya mafuta imatha kuphwa usiku galimoto itaimikidwa. Komanso kumbukirani kuti kasitomala akapita ku Road Traffic kukatenga COF, satifiketi yosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, handibuleki amaiyesa.

Ndinanenanso maganizo anga, ndipo ena sanakondwe nawo. Nsapato za m'dilamu zimadzikanikiza zokha tayala likafuna kuzungulira, motero dilamu imagwira bwino galimoto ikaima. Mwini pikiyapu yonyamula mabelo a fodya kapena matumba a mtedza akabwera kufuna madisiki chifukwa waona kwa mnzake, tizimuuza zoona tisanagwire sipana.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, gulu ligule chida chofinyira mitu ya waya, chizisungidwa kwa a msungichuma ndipo tizibwerekana. Chachiwiri, tigwirizane kuti galimoto yoikidwa madisiki isamatuluke m'galaja ya membala aliyense isanayesedwe pamtsetse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, giya ili pa fili.

Loweruka likubwerali ndibweretsa kalipa mmodzi amene anzathu anandipatsa, tidzamumasule pamodzi kuti aliyense aone chopotera chamkati chija. Amene ali ndi mawaya akale a handibuleki abwere nawo tidzaphunzirirepo kudula. Ndalama yotsala pa ulendowu ndapereka kale kwa a msungichuma pamodzi ndi malisiti.