Mabotolo "okweza chitetezo" akuchedwetsa odwala khansa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene yandisowetsa tulo chiikireni maliro a alamu anga mwezi wathawu. Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina kuno ku Kasungu, ndipo zimene ndilembe pano ndi zomwe ndinalephera kuwamvetsetsa abale anga nthawi ikadalipo.

Alamu angawo, mayi wa ana anayi, anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero ndipo anawalembera kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Asananyamuke, kunyumba kunafika bambo wina ndi chikwama cha mabotolo. Anati khansa imabwera asilikali a m'thupi akafooka, ndiye ukangowakweza chotupa chimasungunuka chokha, palibe chifukwa chokavutikira m'mizere ya ku Lilongwe. Achimwene anathera ndalama za mabelo awiri a fodya pa mabotolowo. Panapita miyezi isanu ndi iwiri. Pamene tinkawanyamula kupita nawo kuchipatala, matenda anali atafalikira kale.

Chondipweteka n'chakuti mawu a bamboyo anali ndi choonadi pang'ono, n'chifukwa chake anthu amawakhulupirira. N'zoona kuti maselo a m'thupi akamagawikana ena amalakwika, ndipo maselo oyera a m'magazi, makamaka otchedwa T ndi NK, amasaka olakwikawo n'kuwapha tisanadziwe n'komwe. Ife Amalawi tinaziona ndi maso. Amene tinalipo ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004 tikukumbukira mawanga akuda a m'miyendo ndi m'kamwa, ndi miyendo yotupa youma ngati chikuni. Imeneyo ndi khansa ya Kaposi. Kachilombo koyambitsa khansayi, HHV-8, kamatha kukhala phee m'thupi kwa zaka, koma HIV ikagwetsa CD4 kamapeza mpata. Anthu ambiri atayamba ma ARV mawangawo anachepa, ena anafunikanso mankhwala a khansa a m'diripi. Bungwe la WHO limanenanso kuti mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chodwala khansa ya khomo la chiberekero kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake amene alibe.

Koma nkhani sithera pamenepo, ndipo mbali yotsalayi ogulitsa mabotolo sainena.

Khansa ndi khoswe wa pamkhate. Malungo kapena kolera ndi mlendo, asilikali amamuzindikira msanga. Selo la khansa ndi mwana wa m'mudzi momwemo, wobadwa ndi kukulira m'thupi lomwelo. Tsono asilikali athu analengedwa ndi mabuleki kuti asamakanthe abale awo. Buleki imodzi imatchedwa PD-1 ndipo ili pa selo la T. Zotupa zambiri zimavala chizindikiro chotchedwa PD-L1, ndipo chikangokhudza buleki ija, msilikali amene anafika atakonzeka kumenya amangofooka n'kuima. Zili ngati mbava yotulutsa chiphaso chooneka bwino pachipata, mlonda n'kuitsegulira.

Choposa apo, chotupa chimalemba ganyu asilikali ena. Pali maselo otchedwa macrophage, amene ntchito yawo ndi kumeza zinyalala ndi tizilombo komanso kukonza pamene pavulala. Mukadzitema ndi khasu, ndi omwewa amene amayeretsa bala n'kuthandiza kuti timitsempha tatsopano ta magazi timere. Chotupa chimaitana ngati bala, iwo n'kuthamangirako, ndipo akafika amagwira ntchito imene amaidziwa: amachikokera mitsempha yobweretsa chakudya ndi mpweya, amafewetsa mnofu wozungulira kuti maselo a khansa apeze njira yotulukira, amatontholetsanso maselo a T. M'zotupa zina, gawo lalikulu ndithu la chotupacho limakhala maselo a chitetezo amenewa. Ndiye munthu akati akukwezerani asilikali, mufunseni kuti ati. Omenya kapena omangira mdani nyumba?

Sitinganenenso kuti chitetezo chikamalimbana kwambiri ndiye kuti zili bwino. Nkhondo yosatha pamalo amodzi imawononga malowo. Kachilombo ka hepatitis B kakakhazikika m'chiwindi kwa zaka, kutupa kosalekeza kumatha kubala khansa ya chiwindi. Likodzo losachiritsidwa limachita chimodzimodzi m'chikhodzodzo. Ndipo pali khansa za asilikali eni ake. Ija imatupitsa nsagwada kapena mimba ya ana, imene dokotala Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, imayamba m'maselo a chitetezo otchedwa B, ndipo malungo obwerezabwereza pamodzi ndi kachilombo ka Epstein-Barr ndi amene amaikonzera njira. Khansa imeneyi imakula mofulumira zedi, koma imamvanso mankhwala mwana akafika msanga. Mayi amene wataya milungu itatu akumwetsa mwana botolo wataya zambiri.

Ena adzati, nanga si azungu omwe akuchiza khansa ndi chitetezo cha m'thupi? Inde. Mu 2018 James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi. Koma taonani zimene anachita. Anapeza mabuleki aja, ndipo kenaka kunapangidwa mankhwala otseka malo amene chotupa chimagwira kuti chiimitse msilikali. Honjo anatulukira PD-1 mu 1992, mankhwala oyamba ogwira pamenepo anavomerezedwa mu 2014, patatha zaka 22 za kuyesa ndi kuyesanso. Mtsogoleri wakale wa America, Jimmy Carter, anapezeka mu 2015 ndi khansa yapakhungu itafika m'chiwindi ndi mu ubongo. Anamuchita opaleshoni, anamuwotcha zotupa ndi makina, anamupatsanso amodzi mwa mankhwalawa, pembrolizumab, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2024 ali ndi zaka 100. Ngakhale zili choncho, mankhwalawa sathandiza odwala onse kapena khansa zonse, mtengo wake ndi madola masauzande angapo pa diripi imodzi, ndipo asilikali omasulidwa buleki nthawi zina amatembenukira matumbo, mapapo kapena khungu la mwiniwake, mpaka madokotala kumupatsa mankhwala otsitsanso chitetezo. Zinthu zofunika kusamala chotere sizingakhale m'botolo lopanda dzina la wopanga, logulitsidwa tsiku la msika pakati pa kaunjika ndi usipa.

Zothandiza chitetezo zenizeni tili nazo kale, ndipo n'zaulere. Katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, amaphunzitsa asilikali nkhope ya kachilombo koyambitsa khansa imene yatenga alamu anga kasanalowe m'thupi. Ndamva makolo ena akukana, ati amatseketsa mimba. Zimenezo si zoona, ndipo zimandiwawa kuona banja lokana katemera woyesedwa likugula botolo losadziwika. Katemera wa hepatitis B ali kale mu jekeseni amene ana amalandira kusikelo. Amene ali pa ma ARV asadumphitse. Amayi akayezetse khomo la chiberekero: namwino amapakapo viniga n'kuona, ndipo ngati pali poyamba kusintha amatha kupawotcha pasanasanduke khansa. Kudya bwino, nsinjiro, masamba, zipatso, kumamupatsa wodwala mphamvu yopirira mankhwala, koma sikuchotsa chotupa.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi lakuti mutumize mtolankhani azungulire misika ya ku Santhe, Chinkhoma, Chamama ndi Nkhamenya, amve zimene anthu akulonjezedwa, akafunsenso a bungwe loona za mankhwala la PMRA kuti lamulo likuti chiyani pa munthu wonena poyera kuti amachiza khansa. Mafumu ndi abusa, inu amene mumamva nkhanizi koyamba, munthu akabwera ndi kalata yopita ku Lilongwe muthandizeni kupeza thiransipoti sabata yomweyo. Mwana womaliza wa alamu anga akwanitsa zaka 9 mu Januwale, ndipo ndawauza kale achimwene kuti ku katemera ndidzamuperekeza ndekha.

Mphunzitsi wa sayansi,
Kasungu