Mausiku atatu pa chilumba cha Mumbo

Lilongwe,
Loweruka madzulo

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira kuti ukudzuka bwino kumeneko ku Manchester pamodzi ndi bambo a ana komanso ana athu awiri aja. Kuno tonse tili bwino, kungoti dzuwa layamba kuswa mtengo, ndipo fumbi la Lilongwe ukulidziwa. Amayi ako ndinakawaona kumudzi mwezi watha. Ali ndi mphamvu, akusosa kale m'munda, ndipo akupereka moni.

Nditakutumizira zithunzi pa WhatsApp unandifunsa kuti, kodi kumeneko ndi ku Malawi komweko? Ndinayamba kukuyankha ndi mawu ojambula, koma ndinafufuta kawiri konse, chifukwa nkhani yake siyokamba mothamanga uli pa ntchito ya usiku kuchipatala. Ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere monga tinkachitira kale tili ku sekondale.

Eya, ndi ku Malawi konkuno. Ndi chilumba cha Mumbo, makilomita pafupifupi 10 kuchokera pagombe la Cape Maclear ku Mangochi. Chaka chino ine ndi bambo a kunyumba takwanitsa zaka 20 tili m'banja, ndipo ndalama za ku banki m'khonde zitatuluka ndinati ulendo uno sindigula mbale kapena makatani. Ndinena mosabisa kuti mtengo wake si wamasewera kwa mphunzitsi ngati ine. Tinasunga kwa nthawi yaitali. Ubwino wake unali wakuti ukalipira kamodzi watha: boti lopita ndi lobwerera, pogona, chakudya cham'mawa, chamasana ndi chamadzulo, timabwato topalasa ndi magalasi oonera pansi pa madzi, zonse zinali momwemo. Kwa masiku atatu sindinagwire kachikwama ka ndalama, ndipo sindinadzifunse kuti lero ndiwo zikhala chiyani. Iweyo ndiwe mayi, ukudziwa kuti kupuma kwenikweni ndi kumeneko.

Tinadzera ku Dedza n'kutsika Khwekhwerere mpaka Golomoti, kenako msewu wa ku Monkey Bay. Tisanafike pa Monkey Bay tinakhotera kumanzere, m'mapiri momwe anyani amangokhala m'mbali mwa msewu osasuntha. Ku Chembe, mudzi wa pagombe la Cape Maclear, tinapeza usipa utayanikidwa pamathandala, amayi akuchapa, ana akudumphira m'madzi kuchokera pamabwato. Kumeneko n'kumene amishoni a Livingstonia anayamba kumanga mu 1875, asanasamukire ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo, ndipo manda awo alipobe. Bambo a kunyumba anafuna kuti tikaone mandawo, koma boti linali litatidikira kale.

Panyanja tinayenda pang'ono kuchepera ola limodzi. Tinadutsa chilumba cha Thumbi, Domwe ikuonekera cha kumanja, ndipo phokoso la kumudzi linkachepa pang'onopang'ono mpaka kunangotsala injini ndi madzi. Mumbo ukamayiyandikira umaona mulu wa matanthwe akuluakulu ndi mitengo yobiriwira, mikuyu itakumbatira miyala ndi mizu yake, milambe apa ndi apo. Nyumba sizioneka msanga. Zinamangidwa ndi matabwa, bango ndi udzu, n'kuzikhazika pamwamba pa matanthwe a kachilumba kakang'ono kolumikizidwa ndi chachikulucho ndi mlatho wa matabwa. Chilumba chonse ndi pafupifupi kilomita imodzi m'mimba mwake, ndipo palibe mudzi uliwonse. Alendo amalandira ochepa nthawi imodzi. Kagombe kake ka mchenga ndi kakang'ono, koma madzi ake, mayi wanga ine! Ukaima mofika m'chiuno umawerenga zala zakuphazi.

Tsopano mvetsera chimene chandichititsa kulemba kalatayi. Mnyamata amene anatiperekeza kuchipinda anatifotokozera mwaulemu momwe zinthu zimayendera. Magetsi a mawaya kulibe, usiku amaunikira ndi nyale za sola. Posamba pali ndowa yopachika m'mwamba, yokhala ndi kampopi pansi pake, ndipo ukafuna madzi ofunda umanena, iwo amabwera nawo n'kuthiramo. Chimbudzi ndi chouma, chosagwiritsa madzi: ukatha umathiramo utuchi, n'kutseka, ndipo zonsezo zimasanduka manyowa. Iye akulankhula, ine ndinkangoona bafa la udzu la agogo ako, ndowa ya madzi ofunda itaikidwa pamwala wathyathyathya, ndi kachitini ka phulusa kamene kankakhala pakhomo la chimbudzi. Ukukumbukira momwe tinkachitira manyazi anzathu a m'tauni akafuna kutichezera patchuthi? Tinkapeka zifukwa kuti asabwere. Lero anthu akukwera ndege kuchokera kutsidya la nyanja kudzasamba madzi a m'ndowa, ndipo akuchoka akuyamikira. Ndinakhala pabedi kanthawi osalankhula. Mtima unandiwawa pokumbukira kuti agogo anamwalira tisanawauze kuti kusamala kwawo kunali nzeru.

Ndowa imodzi inandikwanira, ndipo madzi anatsalamo. Ukadziwa kuti madziwo wanyamula ndi munthu, pa masitepe a matabwa, umanyowetsa thupi, kutseka kampopi, kudzola sopo, kenako kutsegulanso. Chimbudzi chija sichinkanunkha ngakhale pang'ono. Ndipo chifukwa chake chimamveka ukayang'ana pansi: nyumba ili pathanthwe, pansi pa thanthwe pali nyanja. Pamwala wotero sungakumbe dzenje la zonyansa. Akanaika zimbudzi zogejemula, zonse zikanathera m'madzi omwe timasambamo, momwemonso muli nsomba zimene zinachititsa kuti malowa atetezedwe.

Nsombazo ndiye nkhani. Ine ndi iwe tinakula tikudziwa nsomba ya m'mbale basi, usipa wofutsa, utaka wouma, chambo pa Khirisimasi ngati chaka chayenda bwino. Sindinaganizepo kuti nsomba ndi chinthu choti munthu n'kukhala akuchiyang'ana. Kusambira sindidziwa kwenikweni, choncho anandiveka jekete yoyandamitsa, magalasi ndi kapaipi kopumira, ndipo mnyamata wina wa ku Chembe anandigwira dzanja mpaka mantha atatha. Nditaviika nkhope ndinangoti kakasi. Tinsomba ta buluu wowala, tachikasu, tamizeremizere, tina tamawangamawanga, tonse tikudya ndere pamiyala ngati mbuzi pa msipu. Zimenezi ndi mbuna. Poyamba zinkandithawa chifukwa ndinkaphiriphitha. Ndinakumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nditangoti duu zinabwera mpaka kumandikhudza zala.

Tsiku lachiwiri ndinaona chimene sindidzaiwala. Pakati pa miyala iwiri panali nsomba imodzi yosawala kwenikweni, itazunguliridwa ndi kamtambo ka tiana tating'onoting'ono ngati njere za mawere. Nsomba ina itayandikira, mayi uja anangoyasama, ndipo tiana tonse tinathamangira m'kamwa mwake, psiti. Anakhala choncho masaya atatupa mpaka mdani atapita, kenako anatilavula tonse tamoyo. Anandiuza kuti nsomba zamtunduwu zimasunga mazira m'kamwa kwa masabata angapo, mayiyo osadya kwenikweni, ndipo chambo chimachitanso chimodzimodzi. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake boma limatseka nyanja kwa asodzi a makoka mu November ndi December. Ukakoka chambo chimodzi nthawi imeneyo wapha banja lonse lili m'kamwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa ana zimenezi kuchokera m'buku, koma ndinali ndisanazione ndi maso.

Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, mazanamazana, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Mbuna sizikonda kuwoloka madzi akuya opanda miyala, n'chifukwa chake chilumba chilichonse chimakhala ndi mitundu yakeyake. Ukaononga miyala ya pamalo amodzi ungathe kumaliza mtundu wonse. Ndiye chifukwa chake mu 1980 anakhazikitsa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Kusodza n'koletsedwa mamita 100 kuchokera pagombe la pakiyi ndi zilumba zake. Mdani wina wa nsombazi ali kutali ndi nyanja, ndi ife a kumtunda. Tikamaliza mitengo m'mapiri, dothi limakokoloka ndi mitsinje n'kudzakwirira ndere pamiyala, nsomba n'kusowa chakudya. Thumba la makala limene ndimagula mwezi uliwonse ndinalikumbukira ndili m'madzi momwemo.

Masiku ankayenda mofatsa. Kukacha nkhwazi zinkatidzutsa, imodzi ikalira ina n'kuyankha kutsidya. Tinkamwa tiyi pakhonde, tikuyang'ana ng'azi ikuwothera dzuwa pamwala pansi pathu. Bambo a kunyumba anazungulira chilumba chonse ndi kabwato, ndipo anabwera akusimba kuti aona akatumbu awiri akusewera. Ine ndinayenda wapansi m'tinjira ta m'nkhalango, masana n'kumagona m'machira omangirira pakhonde. Chakudya chinali chosavuta koma chokoma: buledi wophika pomwepo, masamba, mpunga, nyemba, nsomba yowotcha. Ophika ndi onyamula katundu ambiri anali ana a ku Chembe, ndipo tinkacheza nawo ngati abale.

Usiku ndiye unandigonjetsa. Mdima wa kumeneko ndi uja wa kumudzi tili ana, koloboyi akazima. Nyenyezi zinali mbuu kumwamba, ndipo kutali panyanja kunali mzere wina wa nyali za asodzi a usipa, moti sumadziwa pamene thambo lathera. Foni ndinaizimitsa tsiku loyamba lomwe. Ine ndi mwamuna wanga tinacheza mpaka pakati pa usiku, nkhani za ana, za ngongole, za amayi ake amene akudwaladwala, zinthu zimene kunyumba timangozidumpha chifukwa wina watopa, wina maso ali pa TV.

Koma nyali zija zinandipatsanso maganizo, ndipo sindikufuna kukubisira. Ife tinali pakhonde titakhuta, pomwe pansi pa nyali iliyonse panali amuna akukoka khoka la chilimira usiku wonse kuti ana adye. M'kati mwa pakiyi muli midzi, monga Chembe ndi Msaka, imene inalipo paki isanabwere. Anthu achuluka, nsomba zachepa, ndipo amayi amatola nkhuni zouma m'nkhalango ndi chilolezo. N'kosavuta kwa mlendo wa mausiku atatu kunena kuti asodzi akuononga nyanja. Ine sindinganene choncho. Munthu amene wasoka neti yoteteza udzudzu kukhala khoka sachita zimenezo chifukwa chodana ndi nsomba, ndi njala. Kwa ine malo ngati amenewa ayenera kuyesedwa ndi mafunso awiri: kodi madzi akuwasiya oyera, nanga anthu a pagombe akupindula? Mnyamata amene anandiphunzitsa kuyandama uja anandiuza kuti bambo ake ndi msodzi, koma iye akulipirira mng'ono wake sukulu ndi malipiro a pachilumba. Kwa iye mbuna yamoyo ndi imene ikumudyetsa, ndipo ankaitchula mayina ngati mbusa wodziwa ng'ombe zake. Ndikanakonda ana ambiri a kumeneko akanakhala ndi mwayi wotero. Ndipo tisamaganize kuti kusunga nsomba tinaphunzira kwa alendo. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima, a mfumu Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja chaka ndi chaka kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera.

Ndikudziwa kuti unamwino wako wayamba kale kufunsa za likodzo. Pagombe la kumudzi ku Cape Maclear likodzo lilipo, ndipo ofufuza anaona kuti nkhono zofalitsa matendawa zinachuluka pamene nsomba zodya nkhonozo zinachepa chifukwa cha kusodza kwambiri. Ife tinasamba pachilumba pokha, komabe tikapita kuchipatala kukayezetsa pakatha masabata angapo, ndipo ngati pafunika mankhwala a likodzo a praziquantel tidzamwa. Neti tinkagonamo usiku uliwonse.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Unandiuza kuti mwana wathu wamkulu anafunsidwa kusukulu kuti kwanu kuli chiyani, ndipo anasowa choyankha. Mawu amenewo sanandichoke mumtima. Mukamabwera chaka chamawa, musathere masiku onse pamaliro, paziliza ndi m'misika ya Lilongwe. Patulani mausiku awiri okha. Sukulu zanu zimatseka kumapeto kwa July mpaka August, ndipo nthawi imeneyo mwera umaomba, nyanja imawinduka. Choncho tikonze cha kumapeto kwa August, mphepo ikamayamba kugwa. Ndikufuna ndidzamugwire dzanja ndekha mtsikanayo, ndidzamuveke magalasi aja, aviike nkhope m'madzi a kwawo. Tikadzachoka kumeneko tidzadzere kumudzi, ndikamuonetse pamene panali bafa la agogo ako. Mwala wathyathyathya uja ulipobe, ndinauona mwezi watha.

Ine ndayamba kale kuponya ya ulendowo ku banki m'khonde. Undiuze masiku anu msanga matikiti a ndege mukagula, chifukwa malo ndi ochepa ndipo amadzaza. Upereke moni kwa bambo a ana, ndipo anawo uwapsompsone m'malo mwanga. Bambo a kunyumba akuti usaiwale nsapato zawo zija.

Ndine mnzako wa kalekale,
amene akukusowa tsiku ndi tsiku.