Opita ku Crete pa galimoto, musalimbane ndi chilumba chonse

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale athu okhala kuno ku Britain, makamaka anzanga anamwino ndi osamalira okalamba, amene tchuthi chathu chimakhala chachifupi pomwe ndalama yake timaipeza movutikira. Kumpingo kwathu mabanja angapo akukonza zopita ku Crete, chilumba chachikulu kuposa zonse za dziko la Greece. Akuti akabwereka galimoto pabwalo la ndege n'kuchizungulira chonse m'masiku anayi kapena asanu. Ine ndinapitako ndi amuna anga, ndipo ndikuwapempha kuti asatero.

Mapu amanamiza. Kuchokera kumadzulo kukafika kum'mawa kwa Crete ndi makilomita pafupifupi 260, ndiye munthu amaganiza kuti ndi kufupi. Koma msewu wotakasuka ndi wa m'mbali mwa nyanja chakumpoto, wolumikiza Chania, Rethymno, Heraklion ndi Agios Nikolaos. Pakati pa chilumbachi ndi mapiri okhaokha, ndipo lalitali kwambiri, Psiloritis, limafika mamita 2,456. Mukakhotera kummwera mumapeza misewu yonga ya Khwekhwerere potsikira ku Golomoti: makona otsatizana, phompho pambali, mbuzi zitagona pa tala osafuna kusuntha. Onjezanipo kuti ku Greece amayendetsa kumanja kwa msewu pomwe ife tinazolowera kumanzere, kumudzi ngakhale kuno. Woyendetsa amafika madzulo mapewa atauma, osaonapo kanthu kupatula mzere wa pamsewu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Sankhani dera limodzi. Kwa ife amene tinakulira ku Sande sukulu, ine ndikuti tsikirani ku Heraklion n'kulowera kummwera, kuchigwa cha Messara.

Yambirani mumzinda momwemo, galimoto musanaitenge n'komwe, chifukwa malo oimikapo ndi ovuta. Pakati pa Heraklion pali tchalitchi cha Agios Titos, chokumbukira Tito yemwe mtumwi Paulo anamusiya pachilumbachi kuti aike akulu a mpingo m'mizinda. Mumasungidwa chigaza chomwe mpingo wa Orthodox umakhulupirira kuti ndi chake. Chinabwezedwa kuchokera ku Venice mu 1966. Knossos, mabwinja a nyumba yachifumu yamakedzana kumene Arthur Evans, katswiri wa zofukula zakale wa ku Britain, anayamba kukumba mu 1900, ndi makilomita asanu okha kuchokera mumzindamo, ndipo basi ya m'tauni imafikako. Pitani m'mawa dzuwa ndi chigulu cha alendo zisanakule.

Tsiku lotsatira ndiye mutenge galimoto, mukwere phiri kudzera ku Agia Varvara n'kutsikira ku Gortyna. Apa mpamene panali likulu la Crete nthawi ya Aroma. Pali mabwinja a tchalitchi chakale cha Tito, komanso khoma lolembedwa malamulo a mzindawo zaka pafupifupi 450 Yesu asanabadwe. Amakamba za ukwati, kusudzulana, chuma cha masiye ndi gawo la mwana wamkazi, milandu yomweyo imene mafumu athu amaweruza pabwalo mpaka lero. Ndinaima nthawi yaitali pakhoma limenelo. Phaistos, mabwinja a nyumba ina yachifumu yamakedzana, ndi pafupi, pamwamba pa chitunda choyang'ana chigwa chonse cha mitengo ya maolivi, ndipo anthu sachuluka ngati ku Knossos. Mukakhalako Loweruka, ku Mires kumakhala msika wa pamsewu, komwe mungagule tomato, tchizi ndi uchi pamtengo wogulira eni dziko.

Koma malo amene anandikhudza mtima ndi Kaloi Limenes, dooko lija lotchulidwa pa Machitidwe 27, pamene chombo chonyamula Paulo ngati mkaidi chinaima popita ku Roma. Iye anachenjeza kuti nyengo yoyenda panyanja yatha, eni chombo sanamumvere, namondwe anawakankha mpaka chombo chinakasweka ku Malta chili ndi anthu 276. Msewu wopitako umadutsa m'mapiri ouma a Asterousia ndipo umafuna kudekha. Kumapeto kwake ndi kamudzi kakang'ono, katchalitchi ka Paulo pachitunda, ndi matanki a mafuta a sitima pakachilumba ka patsogolo pake. Matankiwo amaipitsa malo, sindibisa. Komabe mukaima pamenepo mphepo ikuomba, mumamvetsa chifukwa chake amalinyero sanafune kukhalapo nyengo yonse yozizira. Munthu wothamangira kuzungulira chilumba sangapatule theka la tsiku kaamba ka malo otere. Mugone ku Matala kapena ku Kamilari usiku uwiri, m'malo mosamuka ndi zikwama tsiku lililonse.

Ena adzati nanga chigwa cha Samaria, nanga gombe la Balos, zomwe aliyense amajambula pa Facebook? Zimenezo zili kumadzulo, ndi za ulendo wina wotsikira ku Chania. Ndipo galimoto sithandiza kwenikweni kumeneko. Chigwa cha Samaria ndi makilomita 16 oyenda pansi, chimathera ku Agia Roumeli komwe kulibe msewu wotulukira, mumachokako pa boti, galimoto itatsala pamwamba ku Omalos. Msewu wa ku Balos ndi wamiyala, ndipo inshulansi ya magalimoto ambiri obwereka silipira zowonongeka pamsewu wopanda tala. Ndi bwino kukwera boti ku Kissamos.

Pa za galimoto, tengani yaing'ono chifukwa misewu ya m'midzi ndi yopapatiza. Zambiri ndi zamagiya. Wofuna ya otomatiki asungitse msanga. Makampani ambiri amafuna credit card ya dzina la woyendetsa kuti agwirepo chikole. Ijambuleni mbali zonse musananyamuke, matayala omwe. Laisensi ya ku Britain imaloledwa, koma amene akadali ndi ya kwathu atengerenso International Driving Permit. Pamsewu waukulu wakumpoto mudzaona oyenda pang'onopang'ono akutsamira m'mphepete kuti anzawo adutse. Musadabwe galimoto ikakuunikirani kumbuyo. Thirani mafuta musanalowe m'mapiri. Pangozi nambala ndi 112.

Julayi ndi Ogasiti kumatentha kwambiri ndipo mitengo ya zinthu imakwera. Meyi, Juni kapena kumapeto kwa Seputembala ndiye nthawi yabwino.

Chimene chimagwetsa maulendo ambiri a anthu athu ndi viza. Chilolezo chokhala ku Britain sichikulowetsani ku Greece. Wa pasipoti ya Malawi afunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, yomwe kuyambira mu 2024 ndi mayuro 90 kwa munthu wamkulu, pamodzi ndi inshulansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Amalola kufunsira kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo malo okaperekera mapepala amadzaza nyengo ya tchuthi ikayandikira. Ofuna kupita mu Meyi ayambe kuyendetsa mapepala mu Febuluwale, asanalipire tikiti yosabwezeka.

Ine wanu wowerenga,
Namwino wa ku Ntcheu,
Leeds