Lipoti la ulendo wa ku Lusaka: nkhani ya ndalama imodzi

A Wapampando ndi amalonda anzanga, ndabwerako ku msonkhano uja munandituma kukavomereza ganizo la ndalama imodzi ya SADC, bungwe la mayiko a kum'mwera kwa Africa. Basi inatichedwetsa pa Mwami, choncho zolankhula za akuluakulu zinandipita. Za misonkho ya pamalire zinali zomwe zija timamva chaka ndi chaka.

Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la tsiku lachiwiri, lokhudza euro, ndalama imodzi ya mayiko ambiri a ku Ulaya. Ndalamayi inayamba mu 1999, ndipo chiwongoladzanja chimakhazikitsidwa ndi banki yaikulu imodzi ku Frankfurt. Zaka zoyambirira chuma cha Germany chinkayenda mwaulesi, chiwongoladzanja n'kukhala chotsika. Kwa Spain ndi Ireland, kumene malonda ankatentha, kunali ngati kuthira palafini pamoto: anthu anakongola mosaona nkhope, n'kumanga nyumba zosowa ogula. Zitavuta, obwereketsa anayamba kusankha. Pofika 2012 boma la Greece linkafunsidwa chiwongoladzanja choposa 30 peresenti, Germany chosafika 2 peresenti, chonsecho ndalama ndi imodzimodziyo! Mu 2015 mabanki a ku Greece anatsekedwa, munthu ankangotapa ma euro 60 patsiku.

Ndiye inu amene munandituma kukavomereza ndalama imodzi ya SADC, pepani, sindinakweze mkono. Inayenera kubwera mu 2018, mpaka lero ziii, ndipo ine sindikuidandaula. Inde, ma rand akusowa, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tinalira. Koma Greece ngakhale kugwetsa ndalamako sinkatha. Inadula malipiro ndi penshoni. Lesotho, Eswatini ndi Namibia ndalama zawo n'zofanana ndi rand, koma chiwongoladzanja amangotsatira cha banki yaikulu ya South Africa ku Pretoria. Kodi fodya akakanidwa ku Kanengo, a ku Pretoria adzatiganizira?

Ndikunena izi ndikukumbuka za kwathu konkuno. Thumba lathu limabwereketsa pa chiwongoladzanja chimodzi kwa wooda katundu ku Johannesburg ndi kwa mayi wogulitsa zitenje pa Mchinji. Amene amatapa zambiri tikuwadziwa, ndipo akalephera kubweza timasonkha tonse. Ndinadandaula pa msonkhano wapachaka, mlembi sanalembe n'komwe. Ndikupempha nkhaniyi ibwerenso mwezi wamawa.

Tsiku lomaliza anagwirizana zopanga komiti ina. Malisiti onse ndapereka kwa msungichuma, kuphatikizapo a malo ogona amene ena amati ndinawonjezera. Alawansi ya tsiku lachitatu sindinalandirebe.