Lipoti la msonkhano wa za malaibulale: tisanaumbe njerwa

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano wa anthu oyendetsa malaibulale a m'madera kuti ndikamve mmene anzathu amamangira nyumba zowerengeramo, komanso kumene tingapeze mabuku. Ndapitako ndipo ndabwerako bwino, zikomo chifukwa chondikhulupirira. Koma ndinene poyambirira kuti zimene ndabwera nazo zikukhudza pulani yathu, ndipo ndikupempha kuti tiyambe taiunikanso tisanaumbe njerwa. Pa pepala lathu ndalama pafupifupi zonse zikuthera pa khoma ndi denga. Kumsonkhano kuja, amene malaibulale awo akuyenda bwino sanachedwe pa za khoma. Nkhani yawo inali munthu wosunga kiyi ndi mabuku amene mwana angathe kuwerenga payekha.

Msonkhano unayamba ndi manambala. Mu 2022 World Bank ndi mabungwe anzake adalengeza kuti m'maiko osauka ndi opeza mwapakatikati, mwa ana 100 a zaka 10, ana 70 sangathe kuwerenga kankhani kakafupi n'kukamvetsa. M'maiko a mu Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara chiwerengerocho ndi 89. Chopweteka n'chakuti ambiri mwa ana amenewa amapita kusukulu. Zilembo amazidziwa, maphatikizo amawaimba pamtima, koma akaweruka sagwiranso pepala lililonse mpaka mawa. Kuwerenga kumakhwima ndi kuwerenga komweko, ndipo mpata umenewo ndi umene laibulale iyenera kutseka.

Gawo limene linandigwira mtima linali la mabuku a mphatso. Mayi wina woyang'anira laibulale ya kumudzi anabwera ndi katoni n'kuikhuthulira patebulo. Munali buku lophunzitsa kompyuta za mtundu umene unasiya kalekale kupangidwa, buku lalikulu la malamulo a msonkho a dziko lina, ndi buku la nthano lothothoka masamba akumapeto. Anatiuza kuti onsewa analembedwa m'kaundula wake, ndipo m'malipoti laibulale yake inkaoneka yolemera, pomwe mwana wa sitandade 2 akalowa ankatuluka chimanjamanja. Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa anthu amene aona nkhope zawo pagalasi. Malangizo ake anali akuti komiti ilembe lamulo la mphatso: mabuku amene tilandire, amene tikane mwaulemu, ndi amene tizichotsa pa shelefu akatha ntchito. Ndikudziwa kuti kukana mphatso n'kovuta, makamaka kwa munthu amene wabwera ndi mtima wabwino. Komabe shelefu yodzaza ndi mabuku osawerengeka imatsekereza malo a mabuku ofunika, ndipo imaitana chiswe.

Sikuti mphatso zonse n'zotero. Bungwe la Book Aid International la ku London, lomwe lidayamba mu 1954, limatumiza mabuku atsopano ochokera kwa osindikiza, ndipo limagwira ntchito kudzera m'mabungwe ndi malaibulale amene lagwirizana nawo. Ambiri mwa mabuku ake ndi a Chingerezi, choncho angathandize kwambiri ana a m'makalasi apamwamba ndi akusekondale. Vuto lili kwa ana ang'ono. UNESCO idanena mu 2016 kuti anthu pafupifupi 40 pa 100 alionse padziko lapansi sapeza maphunziro m'chilankhulo chimene amalankhula kapena kumva. Mwana akamalimbana ndi zilembo ndi chilankhulo chachilendo nthawi imodzi, amatopa asanafike pansi pa tsamba.

Apa ndiye pali nkhani yabwino, ndipo siifuna ndalama zambiri. Bungwe la Saide la ku South Africa lidatsegula tsamba la pa intaneti la African Storybook mu 2014, ndipo Pratham Books ya ku India idatsegula lina lotchedwa StoryWeaver mu 2015. Konseku kuli timabuku ta nthano ta zithunzi m'zilankhulo zambiri, ndipo chilolezo chake chimalola aliyense kukopera pa intaneti, kumasulira ndi kusindikiza osalipira. Ife tingalipire pepala, inki ndi chikuto basi. Palinso pulogalamu ya pakompyuta ya Bloom, yopangidwa ndi bungwe la SIL loona za zilankhulo, yoti aphunzitsi azilembera timabuku tawotawo. Ndinagwira timabuku tina tosindikizidwa motero: masamba ochepa, zilembo zikuluzikulu, chiganizo chimodzi pansi pa chithunzi, m'mbali mwake mosokedwa ndi ulusi wa nsapato. Tinali takuda ndi manja a ana, ndipo mwini wake ankanyadira kuda kumeneko.

Mphunzitsi wina anationetsa njira yothandizira mwana kusankha buku lomuyenera. Mwana amatsegula tsamba lililonse n'kuyamba kuwerenga, ndipo akakumana ndi mawu omuvuta amapinda chala. Zala zisanu zikapindika tsamba lisanathe, bukulo libwerere kaye pa shelefu, atenge lopepukirapo. Malaibulale ena amamata timapepala ta mitundu pamsana pa mabuku, kuti mwana adziwe yekha mulingo wake popanda kufunsa wamkulu.

Za kamangidwe sindichulukitsa, chifukwa amisiri athu akuzidziwa. Denga lisadonthe, mazenera akhale okwanira kuti kuwala ndi mphepo zizilowa, mashelefu asagunde khoma kapena pansi poopa chinyezi ndi chiswe, ndipo pakhomo pakhale polowera njinga ya olumala. Chatsopano kwa ine chinali chakuti mashelefu a ana akhale aafupi, mabuku atayang'anitsa chikuto kutsogolo, popeza mwana amakopeka ndi chithunzi, osati msana wa buku. Chimbudzi nachonso chisaiwalike, ndipo pa pulani yathu palibe.

Tsopano za wosunga kiyi. Pafupifupi aliyense anali ndi nkhani ya laibulale yokongola imene inatsegulidwa ndi mwambo waukulu, kenako n'kukhala yokhoma chifukwa wodzipereka uja anapeza ntchito kwina kapena anangotopa. Munthu sangatsegule chitseko tsiku ndi tsiku, kusesa, kulemba kaundula, kuwerengera ana nthano ndi kutsata mabuku osabwezedwa, zonsezi kwaulere mpaka kalekale. Chikalata cha UNESCO chokhudza malaibulale a anthu onse, chomwe chidatuluka koyamba mu 1949 ndipo chidakonzedwanso komaliza mu 2022 mogwirizana ndi bungwe la IFLA, lomwe limaimira malaibulale padziko lonse lapansi, chimati laibulale yotere izikhala yaulere kwa owerenga, ndipo udindo woisamalira ndi wa boma, la m'dera ndi lalikulu lomwe. Ndiye tisadikire kuti nyumba ithe kenako tikagogode ku khonsolo. Tipite tsopano, ndipo zimene atilonjeze pa malipiro ndi maphunziro a woyang'anira zilembedwe pa pepala.

Mkangano waukulu unabuka pa kubwereketsa mabuku. Ena ankati mabuku asamatuluke chifukwa amasowa, ena ankafuna chindapusa kwa wochedwa kubweza. Ine ndili kumbali ya amene amati buku lizipita kunyumba. Kumeneko limawerengedwa ndi mwana, mng'ono wake, mwinanso kholo limene limachita manyazi kulowa mu laibulale masana. Ena adzasowadi, ndipo tiikiretu kandalama kogulira ena chaka ndi chaka. Chindapusa cha ndalama sindikuchivomereza: mwana wosauka akachedwa kamodzi sabweranso, ndiye timataya buku ndi mwana yemwe.

Panakambidwanso za kufikira anthu akutali. Ku Kenya, bungwe la malaibulale la boma lidayamba kunyamula mabuku pa ngamila m'dera la Garissa m'zaka za m'ma 1990, ndipo ku Colombia mphunzitsi Luis Soriano adatchuka ponyamula mabuku pa abulu ake awiri. Ife ngamila tilibe, koma bokosi lokhoma pa njinga, lozungulira m'masukulu mosinthanasinthana, tingalikwanitse. Za matabuleti ndi sola zinanenedwa mokometsera, koma sindinakhutire. Nditafunsa kuti chikawonongeka amakonza ndani, yankho linali lozungulira. Zimenezo zidikire.

Pempho langa ndi ili. Tichepetse nyumba, tiyambe ndi chipinda chimodzi chomangidwa moti n'kudzawonjezera, ndipo ndalama zotsalazo zipite ku mabuku a ana m'chilankhulo chawo ndi kwa woyang'anira. Ndiponso sitiyenera kudikira nyumbayo kuti tiyambe. Tikapempha kalasi imodzi ana akaweruka, tingathe kuyamba kuwerengera ana nthano ndi kubwereketsa timabuku pofika pa 8 September, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira za kulemba ndi kuwerenga. Tikatero tidzadziwa kuti ana amabwera angati komanso nthawi yanji, ndipo kukula kwa chipinda kudzachokera pamenepo.

Mapepala onse a kumsonkhano, pamodzi ndi chitsanzo cha lamulo la mphatso, ndawasiya kwa a mlembi. A msungichuma, chonde mubwere ndi bajeti pa msonkhano wathu ukubwerawu kuti tiione mzere ndi mzere, ndipo amisiri tisawayankhe kaye mpaka titagwirizana.

Ine nthumwi yanu.