Kwa Bwana Komishonala wa NSO (ofesi ya boma yowerengera anthu ndi zinthu) ku Zomba: odwala tinkawawerenga, nanga amene ntchito inawathera?

Bwana Komishonala,

Landirani moni kuchokera kuno ku Ndirande. Ine masamu akuluakulu sindiwadziwa ayi, ndinali mphunzitsi chabe pa sukulu ina ya pulayiveti, koma nkhani ya mafigala a nthawi ya Covid-19 ija imandiwawabe mumtima.

Paja kuyambira pa 2 Epulo 2020 pomwe anthu atatu oyamba anapezeka nako kachilombo, unduna wa zaumoyo unkatulutsa manambala tsiku ndi tsiku, ayezedwa angati, apezeka nako angati, amwalira angati, boma ndi boma, ndipo ife timawadikira pa Facebook madzulo ngati zotsatira za mpira. Januwale 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, atamwalira tsiku limodzi, ndi manambala omwewo amene anatibwezera ku mamasiki.

Koma sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 ife malipiro anaima pomwepo, ndipo palibe tebulo la manambala limene tinalowamo. Amayi ogulitsa mandasi pageti, akabaza onyamula ana, oyendera geni ku Joni ndi ku Tunduma, ogwira ntchito m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi Salima, onsewa anangokhala pansi mwakachetechete. Mu Epulo boma litalengeza lokidauni ya masiku 21 mavenda nkulowa mumsewu, khothi nkuiimitsa, mkangano wonse unali woti tifa ndi matenda kapena njala, koma mbali ya matenda inali ndi manambala a dzulo pomwe mbali ya njala imadalira kafukufuku wa zantchito wa 2013, uja anapeza kuti anthu 89 mwa 100 aliwonse ogwira ntchito ali pa ntchito zosalembedwa, zamaganyu ndi timabizinesi. Zaka 7 bwana!

Ndikudziwa simunagone, munapanga kafukufuku wa pafoni pamodzi ndi World Bank, zikomo. Koma pafoni mumapeza amene ali ndi foni. Ineyo yanga ndinagulitsa mwezi wachitatu kuti ndilipire lendi, ndiye mukanandipeza pati? Mbali ya zaumoyo nakonso, agogo amene anatsokomola sabata imodzi kumudzi nkumwalira osayezedwa, timangoti kunali kudwala, mu lipoti mulibemo.

Pempho langa ndi ili. Kafukufuku wa zantchito asamadikire zaka zambirimbiri, muzipanga wamfupi pafupipafupi, wofika pamsika ndi pasiteji ya kabaza, osati wa olipidwa kubanki okha. Ndiye manambala amenewo muziwaika pambali pa a chipatala, boma ndi boma, tione ngati kumene geni inagwa ndi komwenso amayi anasiya kupita kusikelo kapena anthu kudumphitsa tsiku lokatenga ma ARV chifukwa chosowa ya thiransipoti. Ine ndimakhulupirira zimayendera limodzi, koma kukhulupirira kwanga si umboni, umboniwo ndi ntchito ya ofesi yanu. Olo lonjezo lija la ntchito 1 miliyoni tinangokangana pawayilesi mpaka kutopa chifukwa panalibe poyambira kuwerenga.

Komanso chonde zotsatira muziziulutsa pawayilesi mu Chichewa ndi Chitumbuka, ma PDF a Chizungu amasamba mahandiredi aja amatha bandulo tisanafike pa tebulo loyamba.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wakale, pano ndikugulitsa kaunjika ku Ndirande